Makina athu atapita ku Mexico

Anatiitana tonse ku kantini shifiti yam'mawa isanathe. Bwana wochokera kulikulu anawerenga pepala osadzutsa mutu: makina akusamukira ku Mexico, ife tatsala ndi masiku 60. Masiku amenewo sichinali chifundo chawo ayi. Lamulo lotchedwa WARN limakakamiza kampani ya antchito 100 kapena kuposerapo kuchenjezeratu isanatseke. Munali mu 2018, ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri pa fakitale yopanga zipangizo za galimoto kufupi ndi South Bend ku Indiana, m'dziko la America, kumene Amalawife tilipo ambiri ndithu.

Amene ananditsegula m'maso ndi mayi wina wachikulire wa pamzere wathu. Iwo aka kanali kachiwiri ntchito kuwathera chonchi. Anandiuza za Trade Adjustment Assistance, anthu amangoti TAA, thandizo la boma la America kwa amene ntchito yawo yapita kunja. Linayamba mu 1962, nthawi ya Pulezidenti Kennedy. Koma silinkakutsatira kunyumba. Pankafunika wina alembe pempho ku Department of Labor, unduna wa zantchito: bungwe la antchito, kampani yomwe, ofesi ya boma yoona za ntchito, kapena antchito atatu panthawiyo. Ife bungwe tinalibe, ndiye tinasaina atatu pa thebulo lomwelo la ku kantini, mayi aja, mnyamata wina wa ku Honduras ndi ine. Pempholo linkayenera kupita chaka chisanathe chichotsedwereni ntchito, ndipo lamulo linkati liyankhidwe m'masiku 40. Kalata yotivomereza inabwera ndi nambala yoyamba ndi TA-W. Nambalayo ndinailemba kuseri kwa chitseko cha kabati, poti paliponse amaifunsa.

Podikira, ndinalembetsa ndalama za anthu ochotsedwa ntchito pa Uplink, tsamba la pa intaneti la boma la Indiana. Mlungu uliwonse umadzaza fomu yonena kumene wafunsira ntchito. Panthawiyo ankapereka kwa milungu 26, osapitirira madola 390 pa mlungu. Ukachotsapo lendi ndi kangachepe kotumiza kumudzi, m'thumba mumatsala mphepo.

Nkhani yeniyeni ili ku WorkOne, ofesi yothandiza ofuna ntchito. Ndinanyamula green card (chilolezo chokhazikika ku America), khadi la Social Security ndi kalata yondichotsa ntchito. Mlangizi wanga anazunguliza tsiku limodzi pa kalendala ndi cholembera chofiira, nati ndikhale nditavomerezedwa sukulu lisanafike. Unali mlungu wa 26 kuchokera tsiku lovomerezedwa pempho kapena lochotsedwa ntchito, potengera lomwe labwera pambuyo. Ukaphonya popanda chifukwa chomveka, ndalama za mlungu ndi mlungu zokuthandiza uli pasukulu zinkakudutsa.

Anandichenjezanso kuti ndisayerekeze kulipira ndekha fizi kaye n'kumayembekeza kubwezeredwa. Ankayamba avomereza, kenako boma linkalipira lokha kusukuluko, mabuku ndi zida zomwe. Ndipo sankavomereza chilichonse chimene mtima wako wakonda. Ine ndinkafuna za kompyuta, pajatu kunyumba aliyense amamva bwino ukati ukuphunzira kompyuta. Mlangiziyo anangondituma kukasonkhanitsa zolengeza ntchito za m'dera lathu. Ndinabwera ndi mulu wa mapepala ofuna anthu okonza makina a m'mafakitale, za kompyuta zongowerengeka, zofunanso digiri. Ndinagonja. Ndinasankha zokonza makina ku Ivy Tech Community College. Pamayeso olowera, masamu a Fomu 4 amene ndinkayesa ndinawasiya ku Ntcheu anandipeza konkuno.

Apa m'pomwe ndinatsala pang'ono kudzipweteka ndekha. Mapepala asanathe, malume amene anandilera anamwalira. Ndinakwera ndege osauza aliyense ku ofesi. Milungu itatu imene ndinali kumudzi sindinalandire kalikonse, poti munthu uli kunja kwa dziko sungati ndiwe wokonzeka kuyamba ntchito. Pobwerera ndinapeza tsiku lofiira lija latsala milungu iwiri, fomu ya kusukulu isanasainidwe. Ndinayenda pakati pa koleji ndi ofesi kanayi mlungu umodzi, maso ali gwa ndi tulo ta paulendo. Zinatheka kutatsala masiku atatu. Kumaliroko ndikanapitabe, koma ndikanayamba ndaimbira foni mlangizi uja.

Milungu 26 ija itatha, ndalama zinapitirira pa dzina lina, TRA, zija za TAA zothandiza uli pasukulu, kuchuluka kwake komweko. Zonse pamodzi zinkatha kufika milungu 130 ngati ukuphunzira tsiku lonse ndipo ukukhoza. Aphunzitsi ankasaina pepala loti ndikupezeka m'kalasi, bambo wa ana awiri kumaimirira pakhomo ngati mwana wa Sitandade 5. Panalinso thandizo la inshuwalansi ya kuchipatala, boma linkalipira 72.5 peresenti.

Mayi aja sukulu anaikana, anati mutu unatopa. Kwa a zaka 50 kupita m'tsogolo panali njira ina: ukapeza ntchito ya malipiro ochepa, osapitirira madola 50,000 pachaka, boma linkakupatsa theka la kusiyana kwa malipiro akale ndi atsopano kwa zaka ziwiri, mpaka madola 10,000. Iwo analowa ntchito m'nyumba yosungira katundu, n'kumalandira zimenezo.

Ine ndinamaliza, tsopano ndimakonza makina pa fakitale ya zakudya. Mlamu wanga atandiimbira kuti nayenso ntchito yawo ikupita kunja, ndinati ndimupatse ndondomeko yonseyi, koma nthawi inali itapita. Pa 1 Julayi 2022 lamulo la TAA linatha mphamvu nyumba ya malamulo ya Congress isanaliwonjezere nthawi, ndipo mapempho atsopano analeka kuvomerezedwa. Ndinamuuza kuti Lolemba m'mamawa ndidzamutenga tipite ku WorkOne akafunse za maphunziro a ochotsedwa ntchito pansi pa lamulo lina lothandiza ofuna ntchito la WIOA, asaiwale kalata yake ndi green card.