Zimene ndaphunzira za Nthanda ndi mwezi wa Io

Pa zonse zimene ndakhala ndikuwerenga zokhudza mapulaneti, funso limene landigwira mtima kwambiri ndi lakuti n'chiyani kwenikweni chimachititsa malo ena akuthambo kukhala oopsa chonchi. Anthu ambiri amaganiza kuti chimene chili pafupi ndi dzuwa ndicho chimapsa, ndipo chakutali chimazizira, koma pulaneti ya Venus, imene kuno timaitcha Nthanda, imatsutsa maganizo amenewa.

Mercury ndi imene ili pafupi kwambiri ndi dzuwa, ndipo masana imatentha mpaka madigiri 430, koma usiku imazizira kufika madigiri 180 kunsi kwa ziro chifukwa ilibe mpweya woti usunge kutenthako. Venus ili pataliko, komabe nthaka yake imakhala pa madigiri pafupifupi 465 usana ndi usiku womwe, kutentha koti mtovu ungasungunuke. Chimene chimachititsa zimenezi ndi mpweya wake, umene magawo 96 pa 100 alionse ndi carbon dioxide: kuwala kwa dzuwa kumalowa, koma kutentha kumasowa potulukira. Mpweyawo ndi wolemeranso kwambiri, moti umapsinja nthaka kuwirikiza ka 90 kuposa mmene wathu umatipsinjira. Kuti ndimvetse bwino nambalayi ndinaganizira za nyanja ya Malawi, imene pozama pake penipeni ndi mamita pafupifupi 700. Munthu woima pa Venus angapsinjidwe kuposa amene ali pansi pa madzi onsewo. Mitambo ya Venus ndi ya asidi wa sulufule, ndipo madontho ake amauma ali m'malere, asanafike pansi.

Mbali imene ndinachedwapo kwambiri ndi ya zombo za Venera zimene dziko la Soviet Union linatumiza kumeneko, chifukwa zoyambirira zinkaphwanyika zisanatere n'komwe. Mu 1970, Venera 7 inatera n'kutumiza uthenga kwa mphindi 23. Venera 13, imene inatera pa 1 Marichi 1982, inakonzedwa kuti ipirire mphindi 32 zokha, koma inagwira ntchito kwa mphindi 127 ndipo inatumiza zithunzi zamitundu. Pazithunzizo pakuoneka miyala yaphanthiphanthi yosweka, dothi lakuda pakati pake, kuwala kofiirira, komanso mano achitsulo a m'mphepete mwa chombocho. Ine ndimaona kuti akatswiri amene anapanga zombozi sapatsidwa ulemu wokwanira, pakuti anagwira ntchito kwa zaka zambiri akudziwa kuti chimene akupangacho sichidzakhalitsa chikangofika, ndipo zambiri zimene tikudziwa za nthaka ya Venus zinachokera m'mphindi zochepa zimenezo.

Io ndi umodzi mwa miyezi imene imazungulira pulaneti ya Jupiter, kutali kwambiri ndi dzuwa, kumene munthu angayembekezere kupeza madzi oundana okhaokha. Koma pamweziwu pali mapiri ophulika oposa 400, ndipo palibe malo ena odziwika amene amaphulika kuposa pamenepa. Motowo suchokera kudzuwa ayi. Jupiter amakoka Io mwamphamvu, miyezi ina iwiri, Europa ndi Ganymede, imaukokanso moti njira yake siikhala yozungulira bwinobwino, choncho nthaka yake imakwera ndi kutsika mpaka mamita 100, ndipo kukhuzana kwa miyala ya m'kati kumaisungunula n'kukhala chiphalaphala. Woyamba kuona kuphulikaku anali Linda Morabito mu 1979, pamene ankapenda chithunzi cha chombo cha Voyager 1 pofuna kudziwa malo amene chombocho chinali, n'kuona mtambo waukulu utatumphuka m'mphepete mwa mweziwo. Zophulikazo zimaponyedwa m'mwamba makilomita mazanamazana, kenako zimagwa n'kukwirira nthaka mofulumira kwambiri moti pa Io sipaoneka maenje osiyidwa ndi miyala yogwa kuchokera kuthambo, ngati amene adzaza pamwezi wathu.