Lachitatu, pa nsima ya masana

Magetsi anazima cha m'ma 11 koloko, ndiye tinapita msanga kukadya pa chiyimilire kufupi ndi msika waukulu. Tili pakati pa nsima ya utaka, mnyamata amene wangoyamba ntchito kwathu anati iye sakondwerera tsiku la 6 July. Akuti wakhala akuwerenga za anarchism, maganizo akuti anthu angathe kuyendetsa zinthu zawo popanda boma, ndipo kwa iye ufulu wa 1964 unangosintha wokhala pampando.

Mkulu wina wa ku akaunti anaika mbamu pansi. "Iwe mwana, agogo ako analima thangata. Ukudziwa chimene ukunena?"

Ndakhala ndikuziganizira mpaka usiku uno. Mnyamatayo sanalakwe konse pa mbali imodzi. Mikhail Bakunin wa ku Russia, mmodzi mwa akuluakulu a maganizo a anarchism, ankachenjeza kuti mtundu ukathamangitsa wolamulira wachilendo n'kusunga apolisi ake, ndende zake ndi malamulo ake, zida zomwezo zimadzatembenukira eni dziko. Ife tinaziona pasanathe miyezi itatu. Mu September 1964 nduna ngati Kanyama Chiume ndi Orton Chirwa zinachotsedwa, Masauko Chipembere anatula pansi udindo, ndipo ambiri anathawira kunja. Pofika 1966 chipani chinali chimodzi, 1971 Kamuzu anakhala pulezidenti wamuyaya. Ku Dzaleka, pafupi pompa ku Dowa, kunkatsekeredwa Amalawi, otsekera ali Amalawi anzawo.

Koma pamene ndikusiyana naye mnyamatayo ndi apa: anthu a maganizo amenewa sanakhale pambali n'kumaonerera atsamunda. Bakunin yemweyo anaikira kumbuyo anthu a ku Poland pamene anaukira Russia mu 1863. Shin Chae-ho wa ku Korea analimbana ndi ulamuliro wa Japan mpaka anafera m'ndende mu 1936. Ankafuna mtsamunda achoke, ndiponso kuti pasabwere bwana watsopano wovala khungu lathu. Mphepo imeneyi inafikanso kwa mwana wa kwathu, Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay, amene anayambitsa bungwe la ogwira ntchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Iye sanali wa anarchism, koma bungwelo linatengako mfundo yakuti antchito adzimasule okha pogwirizana.

Mnyamatayo anapereka chitsanzo cha maliro: adzukulu amakumba manda, amayi amasonkha ufa ndi nkhuni, palibe wa boma amene walamula. Ndi zoona, ndipo ndimazinyadira. Mkulu uja anangomufunsa kuti nanga mankhwala a ma ARV a dziko lonse angasonkhedwe bwanji pa mudzi. Mnyamatayo anati mabungwe a m'midzi akhoza kulumikizana mpaka kufika dziko lonse. Mkuluyo anapukusa mutu, nati zimenezo akazilembe bwinobwino abwere nazo Lachisanu, adzawerengere limodzi.