Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Magazi a amalume

Gawo lapita lija ndinalekezera pamene ndinagula njinga ndi ndalama za thonje n'kuyamba kabaza pa Bangula. Lero ndidumpha miyezi ingapo ndifike mu Okutobala wa 2017, chifukwa pali nkhani imene ndakhala ndikuibisa ngakhale kwa achemwali anga enieni.

Amene munali kum'mwera chaka chimenecho mukukumbukira za anamapopa. Mphekesera zinayambira ku Mulanje ndi ku Phalombe mu Seputembala, zinatsika mapiri n'kudzatipeza kuchigwa. Anthu anaphedwa, ena ongodziyendera ndi chikwama kumsana. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma awiri aja, ndipo pulezidenti Peter Mutharika anachita kunyamuka kukalankhula ndi anthu m'madera okhudzidwa. Kumudzi kwathu tinkagona panja m'magulu, amuna kumasinthana kulondera ndi zibonga. Kugona panja mu Okutobala si chilango kwa munthu wa ku Bangula, m'nyumba ya malata simugoneka ndi kutentha. Koma chaka chimenecho tinkagona mothithikana pabwalo limodzi, maneti tinawasiya ali lende m'nyumba.

Mkati mwa zimenezo kamwana ka achemwali, kamtsikana ka zaka zitatu, kanatentha thupi. Agogo anakaniza zopita nako kuchipatala. Amati kumeneko akakabaya chala n'kutenga chiropa, ndiye ndani akudziwa kumene chiropacho chikupita masiku ano. Agogo ndi Msena weniweni, mawu oti magazi sawatchula, kwa iwo ndi chiropa basi. Tinagula panado pa grosale. Tsiku loyamba linadutsa, lachiwiri, lachitatu. Lachinayi m'mawa kamwana kanasiya kulira, kamangoyang'ana, ndipo apo m'pamene achemwali anakabereka kumbuyo n'kudzandigwira dzanja: “Achimwene, tulutsani njinga.”

Pa chipatala chaching'ono sanachedwe nafe. Bambo amene anatilandira anatsitsa chikope cha mwana ndi chala chachikulu, m'kati muli mbee. Anatambasula kachikhatho, nakonso mbee ngati ufa woyera. Anayeza malungo, anapezeka, ndipo anatilembera kalata yopita kuchipatala chachikulu. Njinga ndinaisungitsa kwa mayi wina wogulitsa zitumbuwa pageti.

Kuchipatala chachikulu adokotala anati HB ya mwana, kutanthauza mlingo wa magazi ake, ndi 4, pamene mwana wabwinobwino wa msinkhu umenewo imayenera kukhala 11 kapena kuposa. Manambalawo kwa ine sanatanthauze kanthu. Ataona kuti ndangoti kakasi, anatenga dzanja langa n'kuliika pachifuwa cha mwana. Kamtima kankagunda ngati ka nkhuku imene mwangoigwira pambuyo poithamangitsa. Anandifunsa ntchito yanga, nditawauza anati ndiye sindivutika kukufotokozerani. Mtima ndi pampu, umakankhira magazi kumapapo kuti akatenge mpweya wabwino, akabwerako umawakankhiranso m'mitsempha kuti akafike paliponse, kuubongo mpaka kuchala chakuphazi, kenako abwerere. Onyamula mpweyawo ndi maselo ofiira. Tizilombo ta malungo timalowa m'maselo omwewo, timaswana m'menemo mpaka kuwaphulitsa. “Tiyerekeze pa siteji panu panali njinga makumi atatu, zatsala khumi, koma okwera ndi omwe aja. Otsalawo apalasa bwanji?” Ndinati apalasa mosapuma. Anati ndi zimene mtima wa mwanayu ukuchita, ndipo ukatopa palibe wina woulandira.

Mankhwala a malungo anayamba pomwepo, koma pamafunika magazi. Mufiriji munalibe ogwirizana ndi mwanayo. Bambo wa ku labu anangoti masiku ano ndani angalole kupereka magazi, galimoto ikangoima pamudzi anthu akutola miyala. Anafunsa ngati pali wachibale. Alamu anali ku Johannesburg. Achemwali anali oyembekezera, sakanaloledwa. Maso onse anagwera pa ine.

Ndinanena chiyani? Ndinati zimenezi ndiyambe ndaganiza, nthawi yake ndi yoipa, kunja kuno kwachuluka zoopsa. Ndinatuluka n'kukakhala pansi pa mtengo wa nimu, achemwali ndikuwamva akulira pawindo.

Tsopano ndinene zoona zake. Ine za anamapopa sindinkazikhulupirira kwenikweni. Ndinkalondera nawo usiku chifukwa ukakana anthu amakuyang'ana ndi diso lina. Chimene ndinkaopa ndi chakuti magazi asanaperekedwe kwa wodwala amayezedwa kaye, HIV, chindoko, matenda a chiwindi. Chaka chimodzi izi zisanachitike, nyengo yodula nzimbe, ndinakhalako ku Nchalo kwa mnzanga, ndipo ndinali ndi chibwenzi kumeneko. Titasiyana ndinamva kuti mkaziyo akudwaladwala. Mwina anali malungo wamba, koma kuyambira pamenepo ndikatsokomola kawiri ndinkadziyang'ana pagalasi. Kukayezetsa ayi, ndinkati bola osadziwa. Ndiye pansi pa nimu paja ndinkayeza zinthu ziwiri, moyo wa mwana wa mlongo wanga ndi chinsinsi changa, ndipo ndi manyazi ndikukuuzani kuti sikelo inatenga nthawi kuti ipendekere.

Bambo wa ku labu uja anatuluka ngati akukagula madzi, anadzaima pafupi nane osandiyang'ana. Anati, “Achimwene, pakhomo pano ndaonapo anyamata ambiri akuthawa. Amatchula anamapopa, ena amatchula tchalitchi, koma ambiri amaopa kapepala. Zotsatira zanu zikhala za inu nokha, achemwali anu sindiwauza. Koma mwanayo dzuwa likamalowa sindikulonjezani kanthu.” Anapita kukagula madzi akewo. Ndinamulondola pobwerera.

Anandikweza pasikelo, anandimanga lamba wa BP pamkono, anandibaya chala, mafunso ambirimbiri, ena ondichititsa kuyang'ana pansi. Kenako anandigoneka pabedi. Singano yake ndi yonenepa, osati ya jakisoni wamba, ndipo itangolowa ndinaona magazi akuyenda m'kapaipi pang'onopang'ono mpaka m'thumba. Chinandidabwitsa ndi mtundu wake. Ndinkayembekeza ofiira ngati a mbuzi yongozinga, koma awa anali oderako, ndipo mtima unangoti myuu, ndinati basi matenda aja ndi amenewa. Bamboyo anaseka. Anati magazi a mumtsempha wobwerera kumtima amakhala otero kwa aliyense, chifukwa mpweya uja ausiya kale m'thupi. Ndinafunsa ngati sanditha. Anati munthu wamkulu amakhala ndi malita pafupifupi 5, ngati kachigubu ka mafuta ophikira, ndipo iwo akutengapo mamililita 450 okha, osakwana theka la lita. Anandipatsa kampira koti ndizifinya. Mphindi khumi sizinakwane bwinobwino, thumba linadzaza. Ndinapempha kuligwira. Linali lofunda, lolemererako kuposa mmene limaonekera, ndipo mpaka lero sindidziwa chifukwa chake ndinaligwira ndi manja awiri ngati akundipatsa mphatso wamkulu.

Anandipatsa Fanta n'kundiuza kuti ndidikire pabenchi. Fantayo sindinaimve kukoma. Ndinawerenga njerwa za khoma la kutsogolo kwanga, ndinatha, ndinayambiranso. Atandiitana anatseka chitseko, ndipo miyendo inalefuka. Anati gulu langa ndi O, likugwirizana ndi la mwana, ndipo mwayezedwa zonse mulibe kanthu. Anawonjezera kuti ndidzabwerenso kudzayezetsa pakatha miyezi itatu ndipo ndisiye kuyenda mwachisawawa. Ndinangoti zikomo bwana, kangapo konse.

Mwana sanamupatse thumba lonse, anayeza molingana ndi kulemera kwake. Magaziwo ankadontha limodzilimodzi, maola angapo, anamwino akubwera kudzagwira pamkono ndi kuyang'ana wotchi. Ine ndinakhala pansi pambali pa bedi, nthawi ndi nthawi kumaika dzanja pachifuwa paja. Chapakati pa usiku ndinamva kuti kamtima katsika liwiro. Sikanafike pa kugunda kwa munthu wamkulu, kumene adokotala anati kumakhala pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi, ndipo ana amathamangirapo ndithu, koma sikanalinso ka nkhuku yothamangitsidwa. Milomo inayamba kubwerera mtundu.

Agogo anafika m'mawa, anakwera minibasi koyamba patapita zaka. Anaona kathumba kopanda kanthu kali pachitsulo ndipo anafunsa kuti chiropa chimenecho chinali cha ndani. Achemwali anandiloza. Agogo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anandifinya mkono ngati akusankha mbuzi pamsika wa ziweto, kuona ngati ndaphwa. Kwa anamwino anangoti “takhuta” motsitsa mawu. Koma ine sanandisiye. Milungu itatu yathunthu ndinamwetsedwa chidede ndi madzi a masamba a mapeyala, poti zofiira zimabwezeretsa chiropa. Anamwino anali atandiuza kuti madzi a m'magazi amabwerera pa tsiku limodzi kapena awiri, maselo ofiira pa milungu ingapo, ndipo chofunika ndi nyemba, bonongwe, nsomba. Izo ndinkadya, chidede ndinkamwanso, chifukwa agogo sutsutsana nawo utagwira kapu yawo.

Kuyambira pamenepo ndaperekanso magazi kangapo a Malawi Blood Transfusion Service akabwera ndi mahema awo, ndipo kapepala kaja sindikaopanso. Achemwali mpaka lero amauza anthu pamaliro ndi paukwati kuti mlongo wawo analimba mtima nthawi ya anamapopa. Achemwali, ndikudziwa kuti mwana wanu wamkulu amakuwerengerani zimene ndimalemba pafoni. Mwamva tsopano chimene ndinkachita pansi pa nimu paja.

Kamwanako kanatsegula pakamwa tsiku lachiwiri masana. Mawu oyamba anali akuti, “Amalume, mandasi.” M'thumba ndinalibe ngakhale kobiri, poti masiku awiri njinga inali pageti la chipatala china, ndiye ndinakabwereka kwa mlonda. Njingayo nditapita kukaitenga ndinapeza ilibe tcheni, koma imeneyo ndi nkhani ya gawo 8.