Tasamukira mu shopu yatsopano ku Mtendere: mbiri yathu, ndi nkhani ya laputopu ija

Mwezi uno tatuluka m'kakontena kamene ambiri munatidziwirako. Ntchito yathu yodinda matisheti, makapu ndi makadi tsopano tikugwirira mu shopu ya njerwa, ya khonde loti kasitomala akhale pamthunzi podikira katundu wake. Tidakali mu Mtendere momwemo, muno mu Lusaka. Anthu akhala akufunsa kuti tinayamba bwanji, ndipo ena amene anamva mphekesera za matisheti a kwaya a mu 2024 amafunsa monong'ona ngati zinalidi zoona. Zinali zoona, ndipo ndifotokoza zonse, chifukwa munthu amene akufuna kutipatsa ntchito ya ukwati wake ayenera kudziwa amene akuwasiyira ndalama.

Ine kwathu ndi ku Katete. Mu Lusaka ndinabwera kudzataipa makalata mu shopu ya munthu wina mutauni, ndipo CorelDRAW ndinaiphunzira moonerera, bwana akapita kukadya. Mu 2019 ndinagula kamakina kodindira makapu ndi printa ya inki ya sublimation, ndalama zake za chilimba (gulu lathu losonkherana ndalama mosinthana), n'kukalembetsa dzina ku PACRA, kolembetsera mabizinesi. Korona atafika mu 2020 maukwati anaima, tinapulumukira pa mamasiki ndi mapulogalamu a maliro. Chisankho cha 2021 chinatipatsa ntchito ya matisheti yotikwanira kugula heat press yaikulu, makina opanikizira chithunzi pansalu ndi moto. Kuchokera pamenepo Ogasiti aliyense Achewa anzathu a muno amatipeza asananyamuke pa Great East Road kupita ku Kulamba ku Mkaika, ndipo mu Febuluwale Angoni nawo amabwera kukonzekera Nc'wala ku Mtenguleni. Timanyozana nawo pakhomo pano mpaka makasitomala ena kudabwa, koma amalipira bwino.

Chaka cha 2024 palibe amene amafuna kuchikumbuka. Mvula inakana, madzi ku Kariba anatsika, ndipo mu Marichi magetsi anayamba kuzima maola 8 pa tsiku. Pofika Seputembala kunali masiku oti tinkawaona maola atatu okha, kawirikawiri pakati pa usiku. Kompyuta yathu ya patebulo inasanduka katundu wongopukutidwa fumbi. Kasitomala amabwera masana kudzaona mmene chithunzi chake chikhalire, ndiye tinkafunika laputopu yoti tiitchaje usiku, masana tijambulirepo, magetsi akabwera tidinde.

Ndalama panalibe. Bambo wina wa kaloba, amene ankatiyamikira nthawi zonse akamadutsa pakontena, anati andipatsa, koma pakutha kwa mwezi ndibweze ndi theka pamwamba, komanso heat press ikagone kunyumba kwake ngati chikole. Ndinawafunsa kuti nanga ndalamayo ndiipanga ndi chiyani makina ali kwa iwo, anangoseka. Ngati mukuwerenga, bambo, makina aja adakali pano ndipo akudinda. Amene anandithandiza ndi amayi a chilimba chathu: mmodzi anasinthana nane mwezi wake wolandira.

Laputopuyo ndinaigula mu shopu ina mutauni, ya kaunjika yochokera kunja. Inali ya mphamvu ndithu: Core i7, RAM ya 16GB, SSD, ndi batire lopirira mpaka madzulo ukaligwiritsa ntchito mosamala. Ndinalipira K8,500. Ndinauza wogulitsayo kuti ntchito yanga ndi ya mitundu, iye anati sikirini yake ndi IPS, mtundu wa sikirini umene mitundu yake sisintha kwambiri ukayang'ana mopendeka, ndipo ndinamupempha alembe mawu amenewo pa risiti pamodzi ndi serial number. Analemba moipidwa, koma analemba.

Sabata yomweyo kunabwera kwaya ya mpingo wina wa ku Chawama, kufuna matisheti 60 oyera okhala ndi mzere ndi malemba a maruni pachifuwa. Amayi apampando ndi mphunzitsi wa kwaya anakhala pabenchi, laputopu ili pa kauntala, tikusintha mtundu pang'onopang'ono mpaka onse anati, "Eya, umenewo." Amene simudziwa sublimation, pepala likatuluka mu printa limaoneka lozilala. Mtundu weniweni umatuluka likapanikizidwa pansalu ya polyester pa moto wa madigiri pafupifupi 200, pamene inki imasanduka nthunzi n'kulowa mu ulusi. Ikalowa yalowa, palibe sopo woichotsa. Usiku umenewo magetsi anabwera tambala atatsala pang'ono kulira. Ine ndi mwana wa akulu anga tinadinda mothamanga pa kababu kamodzi, iye akuyala, ine ndikupanikiza, tikuopa kuti azima tili pakati.

Kutacha tinatulutsa tisheti imodzi padzuwa. Inali yofiira psuu. Amayi apampando ataiona anaitembenuza uku ndi uku, kenako anati, "Mwana wanga, ife tinati maruni. Izi tikavala Lamlungu anthu aziti tikupita ku msonkhano wa chipani." Sanakalipe, ndipo n'zimene zinandipweteka kwambiri.

Mwana wa akulu anga uja anayamba kuloza inki, ine ndinkaganizira pepala. Kenako anatumiza chithunzicho pa foni yake pa WhatsApp n'kuti, "Amayi aang'ono, taonani." Pa foni chinali chofiira ngati pa tisheti. Printa inadinda ndendende zimene inapatsidwa. Maruni weniweni pa manambala a RGB, amene amayeza kufiira, kubiriwira ndi buluu, ndi 128, 0, 0, pamene wathu anali ndi kufiira kopitirira 200. Wabodza anali sikirini.

Tinayamba ndi zosavuta. Tinaona ngati Night light ya mu Windows, ija imachititsa sikirini kukhala yachikasu usiku, inali yoyatsa, inali yozima. Tinatsegula tsamba loyera n'kugundika pepala la bondi pambali pake, ndipo kuyera kwa sikirini kunali kopendekera ku chikasu. Magetsi atabwera tinailumikiza ku TV ndi chingwe cha HDMI, mitundu yonse inatuluka bwinobwino, kusonyeza kuti m'kati mwa makinawo mulibe vuto. Chimene chinandimaliza n'chakuti nditakhala pabenchi pomwe anakhala a kwaya aja, chofiira chinada n'kukhala maruni, ndipo nditaimirira chinayera n'kupita ku pinki. Chithunzi chimodzi, mitundu iwiri, malinga ndi pamene pali mutu wako.

Ndinapita nayo kwa mnyamata wina wokonza makompyuta amene ndimamukhulupirira. Ndinati atsegule, iye anakana. "Ayi amayi, tikangoigwira ndi sikuludiraiva akuuzani kuti mwaononga ndinu." M'malo mwake anawerenga nambala ya sikiriniyo ndi pulogalamu ya HWiNFO, n'kuifufuza pa intaneti. Inali TN, mtundu wotchipa umene mitundu yake imasintha ukapendeka mutu, osati IPS. Anandionetsanso tizipsera m'mphepete mwa pulasitiki yozungulira sikirini, pamene munthu anakanulapo. Sikirini yoyambirira inasweka kwinakwake, wina n'kuikamo yotchipa yongolingana kukula. Anandifotokozera kuti chingwe chodutsa pa hinji chikamatha, mitundu imaphethira kapena mizere imaoneka ukamatsegula ndi kutseka, ndipo zimenezo zimakonzeka ndi ndalama zochepa. Yathu sinkaphethira. Inali chabe sikirini yosatha kuonetsa mitundu yonse. Zotchipa zambiri zimafika pafupifupi magawo 60 pa 100 a mitundu ya sRGB, muyezo wa mitundu ya pakompyuta. Ungaisinthe masetingi usiku wonse, mtundu umene galasilo lilibe silingakupatse.

Kunyumba nkhani inakula. Atate a ana ankati tiisunge. Maganizo awo sanali opanda nzeru: makinawo anali othamanga, batire lake labwino, ndipo laputopu ya mphamvu choncho pa mtengo umenewo siipezeka kawirikawiri, makamaka nthawi imeneyo pamene aliyense mu Lusaka ankasaka chinthu chilichonse chokhala ndi batire. Anati ndikaibweza ndikhala manja lende kudikira ndalama imene mwina sindidzaionanso. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno," anatero, "wa pachala ngwa mphepo." Anati tigule monita yabwino tizilumikiza. Ndinawafunsa kuti monitayo iziyaka ndi chiyani masana, popeza chimene tinagulira laputopu n'kusowa kwa magetsi komweko. Anati basi tisinthe sikirini. Tinafunsa mtengo: yoyenera inali yoitanitsa kunja, kudikira masabata, kulipiranso wokonza, ndipo zonse pamodzi zikanafika pa mtengo wa laputopu yabwino kale. Kuwonjezera apo, ndikanakhala ndikulipirira bodza la munthu wina ndi ndalama zanga.

Ndikanakhala wotaipa makalata ngati kale, kapena wolemba maakaunti, ndikanaisunga ndithu, ndipo mwana wa sukulu amene ali ndi sikirini yotere ndingamuuze kuti asataye nayo tulo. Koma ife chimene timagulitsa ndi mtundu. Mkwatibwi akabwera ndi kansalu ka madiresi a operekeza n'kunena kuti makadi afanane nako, sindingamuuze kuti aime chilili osapendeka mutu. Ndinaganiza zoibweza.

Mu shopu muja munali chikwangwani pakhoma chonena kuti katundu akatuluka sabwereranso. Wogulitsa anachiloza ndisanamalize n'kulankhula komwe. "Amayi, manje apa ni masetingi chabe," anatero, n'kuyamba kudinadina. Ndinamusiya adine. Atatopa ndinaika risiti patebulo, chala changa pa mawu aja a IPS olembedwa ndi dzanja lake, ndi pepala la nambala ya sikirini pambali pake. Anati andichotsere K500 nkhani ithe. Ndinakana. Anati ndisankhe ina pa shelefu, koma zonse zimene anandionetsa zinkada ndikaweramitsa mutu. Pamenepo ndinamuuza modekha kuti lamulo loteteza ogula la 2010 limaletsa chikwangwani ngati chimenecho, kuti katundu wolakwika kapena wosiyana ndi zimene wogulitsa ananena amayenera kusinthidwa kapena ndalama kubwezedwa, ndiponso kuti ndikatuluka pakhomopo ndikupita ku Competition and Consumer Protection Commission. Analowa kuseri kukaimba foni. Anabwera ndi ndalama zoposa theka, zotsalazo zinabwera pang'onopang'ono pa foni nditazilondola mpaka kutopa. Dzina lake sinditchula. Ndingonena kuti amene mumasintha masikirini n'kukhala chete, makasitomala anu amakumana m'maminibasi ndipo amacheza.

Masabata otsatirawo anali owawa kuposa onse chiyambire bizinesi. Matisheti 60 tinagulanso ndi ndalama zathu, a kwaya sitinawalipitse ngakhale ngwee. Kujambula kunabwerera pa kompyuta yakale, kutanthauza kuti kujambula ndi kudinda zonse zinkalimbirana maola atatu omwewo a usiku. Ntchito zina tinazikana. Ofiira aja tinawapereka kwa anyamata a mpira a m'komboni, ndipo mpaka lero ndimakumana ndi mnyamata akuthamangitsa mpira ali ndi vesi la m'Masalimo pachifuwa. Laputopu imene tili nayo pano ndi Core i5, yochedwerapo, koma ndinaigula nditakhala mu shopu ndi pepala loyera, foni ndi kansalu ka maruni, ndikuyang'ana mokhala ndi moimirira mpaka wogulitsa anandipatsa mpando.

Ndithokoze amayi a chilimba, makamaka mayi amene anandisiyira mwezi wake pamene nayenso ankafuna fizi ya mwana. Mulungu akuonjezereni pamene munachotsapo. Amayi apampando a kwaya ija, amene munadikira mopanda phokoso, kenako n'kutibweretsera makwaya ena awiri, zikomo kwambiri. Mwana wa akulu anga, amene wagona pa makatoni m'kontena kudikira magetsi, ndipo lero ndi amene amajambula bwino kuposa ine. Mnyamata wokonza makompyuta amene anakana ndalama ya kutsegula pamene akanatha kungoilandira. Aneba athu owotcherera zitseko amene ankatipatsako jenereta ntchito ikapanikiza. Amalume ku Katete amene amatitumizira anthu chaka ndi chaka osapempha kanthu. Alandilodi athu akale amene sanatitsekere kontena titachedwa ndi lendi. Ndi atate a ana, amene ngakhale tinatsutsana, ndi iwo anandiperekeza mutauni tsiku lobweza n'kuima pakhomo la shopu atapinda manja, osalankhula kanthu.

Mukabwera ku shopu yatsopano mupeza pakhoma tapachika nsalu za mitundu yosiyanasiyana zodinda ndi makina athu omwewa, chilichonse ndi nambala yake. Mtundu mumasankha pa nsalu imeneyo, padzuwa, osati pa sikirini. Pa oda ya matisheti opitirira 20 timayamba tadinda imodzi kuti muione ndi kuivomereza, ndipo imeneyo simulipira padera. Ngati muli ndi chitenje kapena riboni yoti tifananitse, bwerani nayo. Chithunzi cha pa foni chokha sichikwanira, chifukwa mafoni nawonso amasiyana. Timadinda matisheti, makapu, zipewa, makadi a ukwati, a kitchen party ndi a chilanga mulilo, mapulogalamu a maliro ndi a kutsegulira chiliza. Tili ndi sola ndi invata tsopano, choncho kujambula sikuima. Mumalipira theka poyamba, pa manja kapena pa MTN ndi Airtel, theka potenga katundu. A magulu a Kulamba, bweretsani maina ndi masaizi mwezi wa Julayi usanathe, chifukwa sabata yomaliza timakhala titadzaza.