Sabata imene ndinalemba nkhani imodzi kawiri

Pa desiki la zamasewera ine ndine wa mpira wamiyendo. Koma sabata yachiwiri ya Roland Garros, mpikisano waukulu wa tenisi wa ku Paris, mu June 2025, mkonzi wathu anandikankhira tenisi, ati chifukwa muofesi monse ndine ndekha wodziwa kuwerenga mapointi ake. Ntchito inali yolosera wopambana m'mawa uliwonse. "Achimwene, anthu safuna mbiri yaitali, akufuna dzina basi," anatero.

Lolemba ndinayamba ndi manyazi. Jessica Pegula, wachitatu padziko lonse, amakumana ndi Lois Boisson wa ku France, yemwe anali pa nambala 361 ndipo analowa mpikisanowu mochita kuitanidwa. Ndinalemba Pegula osaganiza kawiri. Boisson anapambana. Lachitatu ndinati mwayi sugwa kawiri pakhomo limodzi, ndikusankha Mirra Andreeva yemwe amakumana ndi Boisson yemweyo. Anagwanso. Mnzanga wojambula zithunzi anayamba kundifunsa amene ndasankha, ati kuti iye azibetcha mbali inayo.

Kaloseredwe kanga n'kosavuta. M'kope langa ndimayang'ana bwalo, zomwe zinachitika awiriwo atakumana kale, ndi maola amene aliyense wathera m'bwalo sabata imeneyo. Bwalo ndiye nkhani yaikulu. Dothi lofiira la ku Paris limachedwetsa mpira ndi kuudumphitsa m'mwamba, choncho womenya mwamphamvu sathana ndi mnzake msanga ngati pa udzu wa ku Wimbledon. Koma kope silimva phokoso la anthu akuchemerera mwana wakwawo, ndiponso silidziwa za mphepo. Loweruka pa fainolo ya amayi ndinasankha Aryna Sabalenka, poti anali atangochotsa Iga Swiatek, seti yomaliza 6-0. Kunja kunawomba chimphepo, Sabalenka anataya yekha mipira 70, ndipo Coco Gauff ananyamula chikho.

Pa fainolo ya amuna tinakangana ndi mkonzi. Iwo amafuna Jannik Sinner, ndipo zifukwa anali nazo: woyamba padziko lonse, sanaluzeko seti ngakhale imodzi mpikisano wonse, komanso Lachisanu anali atachotsa Novak Djokovic m'maseti atatu. Ine ndinakakamira Carlos Alcaraz. Anali atagonjetsa Sinner maulendo anayi otsatizana, komaliza ku Rome mwezi wa May pa dothi lomweli, pomwe Sinner anali atangobwerera kuchokera ku chiletso cha miyezi itatu. "Dzina ndi lanu, bwana, koma lidzakhala pansi pa nkhaniyo ndi langa," ndinawauza. Anandilola monyinyirika.

Ubwino wake nthawi ya ku Paris mu June imafanana ndi yathu, ndiye Lamulungu pa 8 June ndinakhala pa TV ya muofesi 3 koloko masana, ndi botolo la madzi ndi mtedza wokazinga wa m'pepala. Sinner anatenga maseti awiri oyamba. Alcaraz anabweza yachitatu, koma mu seti yachinayi Sinner anatsogola 5-3, Alcaraz akuseva ali 0-40. Sinner amangofunika pointi imodzi mwa zitatu. Apa ndinatsegula kompyuta n'kuyamba kulemba nkhani ya Lolemba, mutu wake wovomera kuti ndaphonyanso. Ndinali ndisanamalize ndime yoyamba pomwe mapointi atatu aja anatha, onse kwa Alcaraz. Ndinasiya kutaipa, manja ali m'mwamba pa kiyibodi ngati munthu woti wamva kugogoda usiku.

Zotsatira zake mukuzidziwa. Alcaraz anatenga seti yachinayi pa tie-break, mapointi odulira mkangano seti ikafika 6-6, yachisanu nayonso inakathera ku tie-break yomwe anapambana 10-2. Maola 5 ndi mphindi 29, fainolo yaitali kuposa ina iliyonse m'mbiri ya Roland Garros. Mlonda anabwera kawiri kudzafunsa ngati ndigona momwemo.

Lolemba mkonzi anandigwira dzanja pamaso pa onse, ati ndili ndi diso. Sindinawauze kuti mpira umodzi wokha wa Sinner ukanagwera m'kati mwa mzere, zifukwa zanga zomwezo zikanaoneka zopusa, ndipo diso likanakhala lawo. Nkhani yovomera kuphonya ija ndinaisunga m'kompyuta. Patatha masabata asanu, ku Wimbledon, ndinasankhanso Alcaraz, Sinner anapambana m'maseti anayi, ndipo ndinangosintha dzina la mzinda.