Wapakati amagwera pa chipulura

Kuno ku Kasungu, wandale akangoyamikira chabwino chimodzi cha chipani china, dzina lake ndi mthirakuwiri basi. Anthu oyeza zinthu modekha alipo ambiri, kuyambira ku Santhe mpaka ku Nkhamenya, kungoti njira yosankhira atsogoleri imawasefa asanafike patali.

Sefa wamkulu ndi chisankho chachipulura, chomwe chipani chimasankhira munthu wokachiimira pa chisankho chenicheni. M'dera lomwe chipani chidazika mizu, monga tambala wakuda kwawo kwa Kamuzu kuno, wopambana chipulura amakhala atagwira kale mwendo umodzi wa mpando. Tsono ovota kumeneko si anthu onse a m'deralo ayi, ndi nthumwi za makomiti a chipani, anthu ogona ndi kudzuka ndi nsalu ya chipanicho. Kawirikawiri, m'zipani zambiri, savotanso mobisa. Opikisana amaima pabwalo la sukulu, nthumwi n'kundanda kumbuyo kwa amene zikumufuna, owerenga n'kumadutsa akuwerenga mitu. Aliyense akuona mnzake. Ndani angaime kumbuyo kwa munthu amene dzulo lomweli amati a mbali inayo adagwirako ntchito? Mawa akakumana naye kuchigayo kapena pamaliro adzayankha chiyani? Mzere wa wolankhula mofatsa umafupika choncho, wa wolalata n'kutalika. Ndipo zikafuna kusokonekera zimayambira pa mndandanda wa nthumwi, poti makomiti ena amamera usiku umodzi ngati bowa.

Pa chisankho chenicheni, phungu amangofunika kuposa womutsatira, ngakhale ndi voti imodzi. Opikisana akakhala 8, munthu atha kulowa ku Nyumba ya Malamulo ndi mavoti atatu pa khumi alionse. Sataya nthawi kunyengerera a mbali ina, amangokoleza moto kwa ake.

Za upulezidenti zidayamba ndi zigawo. Mu 1994 Bakili Muluzi adatenga Kummwera, Kamuzu Pakati, Chakufwa Chihana Kumpoto. Mu 2009 Bingu wa Mutharika adaswako malirewo, adapeza pafupifupi mavoti awiri pa atatu alionse makuponi a feteleza ali pakamwa pa aliyense, koma sizidakhalitse. Mu 2019 Peter Mutharika adalengezedwa wopambana ndi mavoti osafika 39 pa 100, khoti n'kufafaniza zotsatirazo pa 3 February 2020 ndi kugamula kuti wopambana azipeza oposa theka. Izi zidathandiza ndithu, chifukwa palibe chigawo chokwanitsa chokha. Koma migwirizano yake ndi ya atsogoleri, wina abwere ndi dera lake, wina ndi lake, aphatikize. Za mtengo wa fodya kapena ngongole za dziko sindizo zimamanga mfundoyo, n'chifukwa chake imamasuka msanga.

Otsala ndi oima paokha. Mu 2019 adapambana 55 pa mipando 193, gulu lalikulu zedi. Musawayese apakati onsewo. Ambiri amakhala ogwa pa chipulura, okwiya ndi makomiti a bowa aja, ndipo akangolumbira amabwerera kwawo kapena kulowera komwe kuli boma, ati kuti chitukuko chifike. Ovota alibe powagwira mpaka zitatha zaka 5, poti gawo 64 la malamulo aakulu a dziko, lomwe linkalola anthu kuchotsa phungu wawo, lidachotsedwa mu 1995.