Ulendo wa ku Limbe kukasankha laputopu ya kaunjika

Mwana wa achemwali anga atasankhidwa kupita ku yunivesite ya MUST, ku Ndata kuja, nthungululu zinamveka mudzi wonse. Patapita masiku atatu achemwali anandiitanira kuseri kwa nyumba. "Achimwene, mwanayu akuti kusukuluko sangalimbe popanda laputopu." Kuno ku Mulanje mwana wa mlongo wako ndi wako, atsibweni sathawa. Ndinavomera, uku mumtima ndikuwerengetsera malipiro a uphunzitsi.

Ndinayamba ndi kufunsa mitengo pa WhatsApp. Chitsitsireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chimaluma. Yatsopano yomwe thumba langa likanakwanitsa inali ya purosesa (ubongo wa makina) yofooka ya Celeron, RAM (malo amene makina amagwirirapo ntchito) ya 4GB yokha, thupi lapulasitiki lopepuka ngati mbale ya ana. Pa ndalama zomwezo, ogulitsa za ex-UK ankanditumizira zithunzi za Dell Latitude, HP EliteBook ndi Lenovo ThinkPad, makina amene makampani akunja amagulira antchito awo n'kuwagulitsa akatha zaka zingapo. Pachithunzi onse ankawala.

Ndinapita kwa mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa Fomu 2, pano amakonza mafoni ndi makompyuta pa Chitakale. Anaseka nditamuonetsa zithunzizo. "Aphunzitsi, mawu oti refurbished aliyense amalemba. Ena amaitsegula, kuchotsa fumbi mu fani, kusintha batire, kuiyesa. Ena amangoipukuta ndi kansalu. Ndi kaunjika ameneyu, malaya mumawatembenuza nokha kuona m'khwapa." Anandilembera zoyenera kuona kuseri kwa pepala la mayeso, ndipo kwa theka la ola mphunzitsi ndinali wophunzira.

Loweruka m'mawa tinakwera minibasi ya ku Limbe, ine ndi mwini wake wa laputopuyo, mtsikana wa achemwali uja. Ndinatenga flash, mahedifoni ndi foni yokhala ndi bandulo. Pepala lija linali m'thumba la malaya.

Sitolo yoyamba inali kachipinda kam'kati mwa nyumba ina, malaputopu atasanjikizana ngati mabuku. Wogulitsa anatulutsa Latitude 5490 yooneka bwino, yolumikizidwa kale kuchaja, Windows 11 ikuwala. "Bwana, iyi ndi i5, yaposachedwa." Mtsikana maso anali atakondwa kale.

Apa m'pamene pepala linagwira ntchito. Mawu oti i5 paokha sanena kanthu, chifukwa ma i5 akhala akutuluka chaka ndi chaka. Chofunika ndi nambala yotsatira. Ndinadina Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, Task Manager, tsamba loonetsa zam'kati mwa makina, inatseguka, ndipo pa Performance panalembedwa i5-7300U. Nambala yoyambayo, 7, ndiwo m'badwo wa purosesa. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 mwalamulo lake imafuna Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kupatula zochepa chabe. Pali njira zoikakamiza pa makina akale, ndiye kuona Windows 11 pa sikirini si umboni. Chinandidabwitsa n'chakuti dzina lomwelo la Latitude 5490 lili ndi zina za m'badwo wa 7 ndi zina za 8. Dzina la pachivundikiro likhoza kukupusitsa.

Kenako ndinapempha kuti azule chaja. Nkhope ya wogulitsa inasintha pang'ono. Ndinatsegula Command Prompt, kazenera kolembamo malamulo a makina, n'kulemba powercfg /batteryreport, monga anandilembera mnyamata uja. Makinawo amapanga lipoti n'kukuuza pomwe alisunga. M'lipotimo mumayang'ana mizere iwiri yokha: Design capacity, moto umene batire inkasunga ili yatsopano, ndi Full charge capacity, umene ikusunga lero. Yachiwiriyo sinkafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu a yoyamba. Ndi mmene magetsi amathimirathimira kwathu kuno, laputopu yotere ndi wailesi yakanema basi, yongokhala pafupi ndi soketi.

"Atsibweni, komatu ndi yokongola," anandinong'oneza mtsikana. Ndinamuuza kuti kukongolako sikulemba asainimenti. Tinathokoza n'kutuluka. Sindikunena kuti bamboyo ndi wakuba. Mwina nayenso anangoitenga mu katoni osaiyang'ana m'kati.

Malo achiwiri sitinakhalitse. Nditazimitsa laputopu imene anandionetsa n'kuiyatsanso, ndikudina F2 kuti ndilowe mu BIOS, tsamba la zosintha za makina lomwe limatseguka Windows isanayambe, zosintha zonse zinali zokhomedwa ndi pasiwedi imene wogulitsa sankaidziwa. Mwina inasiyidwa ndi kampani yomwe inali nayo, mwina ili ndi mwini wake amene akuifunafuna. Sindinafune kudziwa.

Malo achitatu anali a mayi wina wosalankhula zambiri. Nditatulutsa pepala langa anangokoka mpando. "Khalani pansi bambo, yesani mpaka mukhutire." Mawu amenewo anandigula kuposa china chilichonse. Inali Latitude 5490 yomwe, koma ya i5-8350U, RAM ya 8GB. Pa Task Manager pomwepo ndinaona kuti disiki yake ndi SSD ya 256GB, osati hard disk yozungulira ija imene imachedwa kudzuka komanso imafa msanga ikagundidwa. Kwa mwana woyenda pa kabaza laputopu ili kumsana, m'misewu ya kwathu, ichi si chinthu chaching'ono. Batire inali ikusungabe pafupifupi magawo anayi mwa asanu.

Zotsalazo zinali za manja ndi maso, ndipo ndinamusiyira mtsikana. Anatsegula Notepad n'kudina batani lililonse, mzere ndi mzere, mpaka manambala ndi timivi. Tinakuza tsamba loyera kudzaza sikirini, kufuna madontho kapena mabanga; panali kachizindikiro kofooka pakona, koonekera ukachita kusuzumira. Flash tinailowetsa m'mabowo onse a USB. Tinalumikiza Wi-Fi ku foni yanga, tinayatsa kamera, tinamvetsera masipika ndi mahedifoni. Chivundikiro ndinachitsegula ndi kutseka kangapo ndikumvetsera ngati mahinji akulira. Tinaisiya ikusewera vidiyo kwa mphindi makumi awiri chaja chili pambali, dzanja langa lili potulukira mpweya. Inafunda, koma sinawotche.

Chaja nachonso chili ndi nkhani yake. Makina a Dell amazindikira chaja chawo, ndipo mu BIOS amalemba mawati ake. Chikakhala chachinyengo amati sakuchidziwa, ndipo akhoza kukana kutchaja batire kapena kuyamba kuyenda mwaulesi. Ichi chinalembedwa 65W. Pulagi yake inali ya mano atatu ngati masoketi athu, ubwino umodzi wa katundu wa ku UK.

Pamtengo tinakambirana monga mwa masiku onse. Kachizindikiro ka pakona kaja ndi kukalika kwa pachivundikiro zinandithandiza kutsitsako pang'ono. Chomwe ndinakakamira kwambiri ndi risiti. Ndinapempha kuti alembepo Service Tag, nambala ya pansi pa makina, nditaifananitsa kaye ndi ya mu BIOS, komanso alembe ndi dzanja lawo kuti ikavuta m'miyezi itatu adzaikonza kapena kuisintha. Anandiuza poyera kuti batire siili m'panganolo. Sindinakondwe, koma ndinalemekeza kuti ananeneratu. Ndinalipira pa Mpamba kuti uthenga ukhale mboni yachiwiri. Ndalama yotsala ndinagulira chikwama chokhuthala ndi adaputala yoteteza ku magetsi obwera mwamphamvu, pakuti zinthu zambiri kwathu zimapsa magetsi akamabwerera, osati akamathima.

Kodi inali nzeru? Kwa ine inde, chifukwa ndinapeza makina olimba kuposa atsopano a mtengo womwewo, ndipo RAM, SSD ndi batire zake zimasinthika pongomasula masikuluwu. Koma ndikanatumiza ndalama poona chithunzi, bwenzi nditagula ya m'sitolo yoyamba ija. Amene alibe mpata wopita yekha, kapena womuperekeza wodziwa, ndingamuuze kuti aonjezere ndalama agule yatsopano ya waranti ya chaka.

Tikubwerera, chiperoni chinali chitaphimba minda ya tiyi ya ku Thyolo, ndipo mtsikana anakumbatira chikwamacho ngati khanda njira yonse. Ndinamulangiza kuti asamaiike pabedi pamwamba pa bulangete, imabanika.

Patatha sabata foni inalira usiku. "Atsibweni, yawonongeka! Ndikadina pa @ ikulemba zina." Mtima unagunda. M'mawa ndinathamangira pa Chitakale, mnyamata uja n'kuseka mpaka kugwira m'mimba. Kiyibodi ndi ya ku UK, koma Windows anaiika kuti iziwerenga ngati ya ku America, ndiye @ ndi zizindikiro zogwira mawu zinasinthana malo. Anamuimbira, n'kumuuza kuti alowe mu Settings asankhe kiyibodi ya United Kingdom. Ine ndinamugulira Fanta ndi sikono.